Guido wa ku Arezzo, mmonke amene adaika nyimbo pa mizere

Madzulo a Loweruka, pamene makwaya a m'maparishi athu akukonzekera Misa ya Lamulungu, timamva mphunzitsi wa kwaya akubwerezabwereza do, re, mi, fa, oyimba nkumamutsatira. Ndi ochepa pakati pawo amene amadziwa kuti timawu timeneti tidayambira kwa mmonke wina wa ku Italy zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, ndiponso kuti njira zake zophunzitsira nyimbo zidamudanitsa ndi abale ake a m'nyumba imodzi. Dzina lake ndi Guido wa ku Arezzo.

Guido adabadwa cha m'ma 991 kapena 992. Ali mnyamata adalowa m'nyumba ya amonke a Benedikito woyera ku Pomposa, kufupi ndi mzinda wa Ferrara, kumene mtsinje wa Po umathirira m'nyanja ya Adriatic. Moyo wa mmonke wa Benedikito umazungulira pa mapemphero oyimbidwa usana ndi usiku: masalimo onse 150 pa sabata imodzi, kuphatikizapo nyimbo za Misa ndi za masiku a chikondwerero a chaka chonse. Zonsezi zinkayenera kukhala m'mutu. Mabuku a nyimbo adalipo ndithu, koma pamwamba pa mawu pankalembedwa tizizindikiro totchedwa neuma, tongosonyeza kuti apa liwu likukwera, apa likutsika, osanena kuti likwere kufika pati. Tizizindikiroti tinkakumbutsa munthu nyimbo imene adaimva kale. Amene sadaimvepo sakadaiyimba. Guido mwini adalemba kuti woyimba ankatha zaka khumi akuphunzira, komabe osatsiriza. Ndipo mphunzitsi akaiwala kapena kupotoza nyimbo, ophunzira ake onse ankalandira cholakwikacho ngati choonadi, kotero kuti tchalitchi chilichonse chinkayimba mwa njira yakeyake.

Nzeru ya Guido ikuoneka yapafupi lero chifukwa tidaizolowera. Ena adayesapo kale kujambula mzere umodzi kapena iwiri, koma iye adayala mizere ingapo motalikirana mofanana, nkuika liwu lililonse pa malo akeake, lina pa mzere, lina pa mpata wa pakati pa mizere iwiri. Mzere wa liwu la F adaupaka utoto wofiira, wa C wachikasu, kuti woyimba aone msanga malo amene mawu amakwera pang'ono chabe, pakuti mpamene oyimba ambiri amaphonyera. Ndi buku lolembedwa motere, mwana ankatha kuyimba nyimbo imene sadaimvepo chibadwire.

Ku Pomposa sadamuyamike. M'kalata imene adalembera mnzake, mmonke Michael, Guido adadandaula za nsanje imene idamuchotsa m'nyumba yake. Tisafulumire kuweruza amonke aja. Munthu amene wataya zaka khumi kuloweza nyimbo, nalemekezedwa chifukwa cha zimenezo, sangakondwe kuona kamnyamata kakuyimba zomwezo pongoyang'ana m'buku. Ife amene tidakhalapo m'seminale kapena m'nyumba ya chipani tikudziwa kuti mikangano yowawa kwambiri imabuka pa zinthu zonga izi.

Cha m'ma 1025 Guido adasamukira ku Arezzo, kumene Episkopi Tedald adamulandira namupatsa ntchito yophunzitsa oyimba a m'katedilo. Kumeneko adalemba buku lake lotchuka, Micrologus, nalipereka kwa episkopiyo. Ndi buku la mphunzitsi weniweni. Likufotokoza za kuyeza mawu pa choyimbira cha chingwe chimodzi, za mitundu ya nyimbo za Mpingo, za kupeka nyimbo, ngakhalenso za kuyimba kwa mawu awiri osiyana pa nthawi imodzi. Panthawiyo ophunzira ankawerenga buku la Boethius, limene limaona nyimbo ngati nthambi ya masamu, pamodzi ndi kuwerengera, kuyeza malo ndi za nyenyezi. Guido ankalemekeza Boethius, koma adaona kuti bukulo limathandiza anthu oganiza mozama osati oyimba. Patapita nthawi, m'masukulu a ku Ulaya mabuku awiriwa ndiwo adakopedwa ndi kuwerengedwa kuposa ena onse a za nyimbo.

Nanga do, re, mi adachokera kuti? Padali nyimbo ya Chilatini yolemekeza Yohane Mbatizi woyera, yotchedwa Ut queant laxis, imene imayimbidwa pa chikondwerero cha kubadwa kwake pa 24 June. M'mayimbidwe amene Guido ankaphunzitsa, chilichonse mwa zigawo zisanu ndi chimodzi zoyambirira za ndime yoyamba chimayambira pa liwu lokwererapo kuposa chigawo chapambuyo. Iye adatenga timawu toyambirira ta zigawo zisanu ndi chimodzi: ut, re, mi, fa, sol, la. Mwana woidziwa bwino nyimboyo ankakhala ndi makwerero m'khutu mwake. Akaona liwu m'buku, ankakumbukira kamvekedwe kake ndi ka mawu oyandikana nalo. Guido adanena kuti mwa njirazi zaka khumi zija zidatsika kufika pa chaka chimodzi kapena ziwiri.

Mbiri yake idafika ku Roma, ndipo cha m'ma 1028 Papa Yohane XIX adamuitanitsa. Monga Guido adafotokozera m'kalata ija, Apapa adatsegula buku lake la nyimbo, naphunzira malamulo ake, ndipo sadanyamuke pa mpando mpaka atayimba okha ndime imene sadaimvepo. Adafuna kuti akhale ku Roma aphunzitse ansembe, koma kutentha kwa mzindawo kudamudwalitsa ndipo adachoka. Nayenso mkulu wa amonke a ku Pomposa, amene adalinso Guido dzina lake, adavomera kuti adalakwa namupempha kuti abwerere. Dzina la mphunzitsiyu likuonekanso m'chikalata cha ku Arezzo cha 1033, ndipo amonke a chipani cha Camaldoli amasunga mwambo woti adakhala nawo ku Fonte Avellana. Palinso chithunzi cha chikhatho chokhala ndi mayina a mawu pa mfundo za zala, chimene aphunzitsi adagwiritsa ntchito zaka mazana ambiri nkumachitcha dzanja la Guido, ngakhale kuti m'mabuku ake mulibe.

Timawu take tidasintha pang'ono m'njira. M'zaka za m'ma 1600 ku Italy ut adasanduka do, amene savuta kutchula poyimba, ndipo padawonjezedwa liwu lachisanu ndi chiwiri, si. Ku England m'zaka za m'ma 1800 Sarah Glover wa ku Norwich adasintha si kukhala ti, ndipo mbusa John Curwen adafalitsa njirayi m'masukulu ndi m'matchalitchi. Ndi yomweyo imene amishoni adabwera nayo kuno ku Africa. Pakati apo maphunziro a nyimbo adalowa m'mayunivesite, ndipo Cambridge idapereka digiri ya nyimbo mu 1464. Wophunzira mbiri ya nyimbo lero, kaya ali ndi chidwi ndi Palestrina ndi Bach kapena ndi jazi, sangapitirire dzina la Guido.

Tinenenso kuti mizere yake ili ndi malire. Idagwira kukwera ndi kutsika kwa mawu, koma kutalika kwake ndi kugunda kwa nyimbo idasiyira ena a m'tsogolo. Mpaka pano ng'oma, visekese ndi nthungululu za pa Misa yathu sizikwana bwino pa pepala, ndipo akatswiri ofufuza nyimbo za mitundu ya anthu amadalira kwambiri kujambula mawu ndi kukhala pansi ndi oyimba eni ake. Nyimbo zambiri za Chichewa zimene zidalowa m'tchalitchi utatha Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican timaziphunzirabe ndi khutu, monga ankachitira amonke a ku Pomposa, ndipo ngozi yake ndi yomwe ija: wopeka akamwalira asadalembe, parishi iliyonse imayimba nyimboyo mwa njira yake.

Mu 1882 anthu a ku Arezzo adaimika chifanizo cha Guido pa bwalo lotchedwa dzina lake, ndipo mu 1952 mzindawo udayambitsa mpikisano wa makwaya a m'maiko osiyanasiyana womukumbukira.