Elliot Kamwana, Mlaliki wa Chiweruzo cha 1914

Kwathu ndi kwa Chitukula m'boma la Lilongwe, ndipo ulaliki woyamba wa chiweruzo umene ndimaukumbukira ndinaumva pa maliro a malume anga. Malumewo anamwalira akadali m'kalasi, asanabatizidwe. Mlaliki wa tsikulo analankhula za moto wosazima kwa nthawi yaitali, ndipo agogo anga, mayi a malemuwo, anangoti zyoli osadzutsanso mutu. Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinkadzifunsa kuti kodi munthu amene ankafunitsitsa kulapa, koma khomo la mpingo lisanamutsegukire, adzaweruzidwa motani? Nditayamba kuwerenga mbiri ya mipingo ya m'dziko muno, ndinapeza kuti funso lomweli linasautsapo Atonga a ku Nkhata Bay zaka zoposa 100 zapitazo. Amene analiyankha molimba mtima anali Elliot Kenani Kamwana, ndipo m'nkhani ino ndifotokoza za moyo wake.

Kamwana anali Mtonga ndipo anabadwa cha m'ma 1870. Anaphunzira pa sukulu ya mishoni ya Livingstonia ku Bandawe, kenaka anapita ku Khondowe kumene Dr Robert Laws anakhazikitsa sukulu yaikulu ya Overtoun. M'masiku amenewo ubatizo sunali wapafupi. Munthu ankakhala zaka zingapo m'makalasi, kuyesedwa mayeso ndi kuonetsa khalidwe lokhutiritsa amishoni. Ofuna ubatizo anali ambirimbiri pamene abusa owayesa anali ochepa, choncho ena ankadikira mpaka kutaya mtima. Pamwamba pa izi, mishoni inayamba kulipiritsa fizi. M'chaka cha 1901 Kamwana anachoka ku Livingstonia asanabatizidwe. Ubatizo anakaupeza chaka chotsatira ku Thyolo, pa mishoni ya Plainfield, pomwe lero pali Malamulo.

Monga anyamata ambiri a nthawiyo, iye anapita ku Joni kukafuna ntchito, ndipo anagwirapo pa chipatala cha pa mgodi. Kuchokera kumeneko anapita ku Cape Town kwa Joseph Booth, mzungu yemwe uja anatenga John Chilembwe kupita naye ku America mu 1897. Booth anamuphunzitsa mabuku a Charles Taze Russell, amene anayambitsa gulu la Watch Tower. Mabukuwo anali ndi mfundo ziwiri zofunika pa nkhani yathuyi. Yoyamba inali yakuti nthawi ya maufumu a dziko lapansi idzatha mu Okutobala 1914, ndipo Khristu adzakhazikitsa ufumu wake. Yachiwiri inali yakuti kulibe moto wozunza anthu kwamuyaya: akufa ali m'tulo kudikira kuuka, ndipo chilango chomaliza cha woipa ndi kuwonongedwa kotheratu.

Kumapeto kwa chaka cha 1908 Kamwana anabwerera kwawo n'kuyamba kulalikira pabwalo. Uthenga wake unali wachindunji: nthawi yatha, anthu alape ndipo abatizidwe tsopano lino. Sankafunsa fizi kapena zaka za m'kalasi. Pa miyezi yochepa chabe anabatiza anthu oposa 9,000. Ankalalikiranso kuti mu ufumu ukudzawo msonkho wa nyumba udzatha, ndipo ulamuliro wa atsamunda udzatha nawo limodzi.

Apa m'pamene ine ndikuona kuti pagona mphamvu ya ulaliki wake. Anthuwa anali atamvapo kale za chiweruzo kwa amishoni, koma m'ulaliki umenewo woimbidwa mlandu ankakhala munthu wa m'mudzi, chifukwa cha mowa, mitala kapena magule ake. Kamwana anaikanso boma ndi wokhometsa msonkho pabwalo lomwelo la milandu. Kwa munthu wosauka amene ankasowa ndalama ya msonkho, tsiku la chiweruzo linasanduka tsiku loliyembekezera mwachidwi.

Amishoni anadandaula, ndipo boma la bwanamkubwa Alfred Sharpe silinachedwe. Kamwana anamangidwa mu Malichi 1909 n'kuchotsedwa m'dziko muno. Anakhala zaka zingapo ku Chinde, m'dziko la Mozambique, ndipo mu 1914 anasungidwa ku Mulanje. Nkhondo yaikulu itayamba mu Ogasiti chaka chomwecho, n'kufika mpaka ku Karonga, ambiri anakhulupirira kuti mawu ake akwaniritsidwa. Koma Okutobala anadutsa, msonkho sunathe, ndipo amuna ochuluka anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali ngati atengatenga. Pamene Chilembwe anaukira boma mu Januwale 1915, Kamwana sanagwire nawo mfuti. Ngakhale zinali choncho, boma linamutumiza ku zilumba za Mauritius, kenaka Seychelles. Analoledwa kubwerera kwawo mu 1937, patatha zaka 28 chimangidwireni. Atafika anayambitsa mpingo wakewake wa Mlonda, umene unatsindika za machiritso, ndipo anautsogolera mpaka imfa yake mu 1956.

Sindikunena kuti Kamwana analibe zofooka. Kutchula mwezi ndi chaka cha chimaliziro kunali kulakwitsa kwakukulu, ndipo anthu amene anaika mtima wawo wonse pa 1914 anakhumudwa. Amishoni nawonso anali ndi mfundo yomveka poopa kuti kumiza munthu m'madzi mwachangu sikusintha mtima wake. Komabe chiwerengero cha 9,000 chija chikutiuza kuti panali anthu ochuluka amene ankauzidwa za chilango pamene njira yochithawira inali yotsekeka kwa zaka. Ulaliki wa chiweruzo ukamaopseza munthu popanda kumutsegulira khomo, munthuyo amatsatira aliyense amene wabwera ndi kiyi.

Pomaliza, ndibwerere kwa Chitukula. Agogo anga anamwalira asanamvepo dzina la Kamwana, ndipo sanasiye mpingo wawo mpaka tsiku lawo lomaliza. Koma chaka chilichonse tikamakalambula kumanda, ankaima nthawi yaitali pa mtumbira wa malume, n'kumatikumbutsa kuti mwana wawoyo sanajombepo kalasi ngakhale tsiku limodzi.