Clements Kadalie, mtchona amene adagwirizanitsa antchito a kummwera kwa Africa

HARARE – M'malokeshoni a mzinda wa Harare monga Dzivarasekwa, Mufakose, Mabvuku ndi Mbare muli mabanja ambiri amene makolo awo adachokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu a fodya ndi m'nyumba za azungu. Lokeshoni ya Dzivarasekwa idamangidwa m'nthawi ya ulamuliro wa azungu kuti muzikhala antchito a m'nyumba amene ankatumikira m'madera oyandikana nayo monga Mabelreign ndi Marlborough. Adzukulu ambiri a anthu amenewa adakula akutchedwa obwera m'dziko lomwe adabadwiramo. Komatu bungwe loyamba lalikulu la antchito achikuda m'chigawo chino cha Africa lidatsogoleredwa ndi munthu wobwera, mnyamata wa ku Nyasaland wotchedwa Clements Kadalie.

Kadalie adabadwa m'mwezi wa Epulo chaka cha 1896 m'mudzi wa Chifira, pafupi ndi Bandawe m'boma la Nkhata Bay. Iye anali Mtonga wa kubanja lachifumu, mdzukulu wa mfumu Chiweyu. Adaphunzira m'sukulu za mishoni ya Livingstonia, yomwe inkatsogoleredwa ndi Dr Robert Laws wa ku Scotland, ndipo adamaliza maphunziro a uphunzitsi ali ndi zaka 16 zokha. Pa nthawiyo boma la atsamunda linkafuna msonkho wa nyumba chaka ndi chaka, pomwe ntchito za malipiro abwino m'dzikomo zinali zosowa ngakhale kwa munthu wophunzira. Ataphunzitsa kwa kanthawi kochepa, Kadalie adatsata njira ya anyamata anzake. Adachoka kwawo m'chaka cha 1915, chaka chomwe mbusa John Chilembwe adaukira atsamunda ku Chiradzulu.

Ulendo wake udadzera ku Mozambique n'kukafika ku Southern Rhodesia, dziko lomwe lero ndi Zimbabwe. Kumeneku adagwira ntchito ya ukalaliki pa mgodi wa golide wa Shamva, kumpoto chakum'mawa kwa Harare, kenako pa mgodi wa Falcon ndiponso mumzinda wa Bulawayo. Adadzionera yekha moyo wa m'komboni ya pamgodi: chitupa chimene munthu sankayenda popanda icho, phoso loperewera, ndi lamulo la mabwana ndi antchito lomwe linkachititsa kuti kusiya ntchito nthawi ya pangano isanathe ukhale mlandu wopita nawo kundende. M'chaka cha 1918 adafika mumzinda wa Cape Town ku South Africa, komwe mkulu wake Robert anali atakhazikika kale.

Malinga ndi buku la mbiri ya moyo wake lomwe adalemba yekha, tsiku lina wapolisi wachizungu adamukankha kumuchotsa m'mbali mwa msewu momwe ankayenda ndi anzake. Mzungu wina wotchedwa A.F. Batty, yemwe ankachita ndale zokomera antchito, adaona zimenezi ndipo adayamba kucheza naye. Pa ubwenzi umenewu padabadwa bungwe la Industrial and Commercial Union, lodziwika mwachidule kuti ICU, lomwe lidakhazikitsidwa m'mwezi wa Januwale chaka cha 1919 ndi mamembala 24, ambiri mwa iwo ogwira ntchito padoko. Chaka chisanathe, m'mwezi wa Disembala, antchito a padoko pafupifupi 2,000 adanyanyala ntchito kwa masabata awiri. Iwo ankafuna malipiro okwera, komanso ankakana kupakira zakudya zopita kunja pomwe mitengo ya zakudya m'dzikomo inali itakwera kwambiri nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. Boma lidatumiza asilikali ndipo sitalakayo idatha, koma m'chaka cha 1920 makampani opakira katundu adavomera kulipira mashiling'i 8 patsiku.

Boma la South Africa lidaona kuti njira yachidule yothanirana ndi mnyamatayu inali kumukumbutsa kuti ndi mlendo. Kumapeto kwa chaka cha 1920 adapatsidwa chikalata chomulamula kutuluka m'dzikomo. Maloya ndi andale ena adamumenyera nkhondo mpaka lamulolo lidafafanizidwa. Chaka chomwecho, m'mwezi wa Okutobala, anthu oposa 20 adaphedwa ndi mfuti ku Port Elizabeth pomwe khamu lidasonkhana pa polisi kufuna kuti mtsogoleri wa antchito, Samuel Masabalala, amasulidwe. Imfa zimenezi zidachititsa kuti nkhani ya antchito achikuda imveke m'dziko lonse.

Maganizo amene adalimbikitsa ICU adachokeranso kutsidya kwa nyanja. Amalinyero achikuda ochokera ku zilumba za West Indies ndi ku America ankabwera ku Cape Town ndi nyuzipepala ya Negro World ya Marcus Garvey, yemwe kuchokera ku New York ankalalikira kuti anthu akuda adzidalire ndipo Africa ilamulidwe ndi eni ake. James Gumbs, yemwe adakhala pulezidenti wa ICU kwa zaka zingapo, anali wochokera ku West Indies. Kadalie adazindikira msanga mphamvu ya nyuzipepala. M'chaka cha 1923 bungwe lake lidayamba kusindikiza nyuzipepala ya The Workers' Herald, ndipo iye mwini ankalemba nkhani m'magazini ya The Messenger ya ku New York, yomwe mmodzi mwa akonzi ake anali A. Philip Randolph, mtsogoleri wa antchito achikuda a m'sitima za pamtunda ku America. Maboma a atsamunda ankaziopa nyuzipepala zimenezi. Ku Nyasaland, m'chaka cha 1926, Isa Macdonald Lawrence adagamulidwa kukakhala kundende zaka zitatu akugwira ntchito yakalavulagaga chifukwa cholowetsa m'dzikomo Negro World ndi The Workers' Herald.

Likulu la ICU litasamukira ku Johannesburg, bungweli lidafalikira kumidzi ndi m'mafamu ngati moto wolusa m'tchire la mwezi wa Okutobala. Lamulo la malo la chaka cha 1913 linali litatsekera anthu akuda mwayi wogula malo m'gawo lalikulu la South Africa, ndipo m'zaka za 1926 ndi 1927 alimi achizungu ankathamangitsa mabanja ambiri amene ankakhala m'mafamu awo posinthana ndi ntchito, mofanana ndi thangata la ku Nyasaland. Anthu otere adathamangira kukagula khadi lofiira la ICU, ena pokhulupirira kuti khadilo lidzawabwezera minda yawo. Pofika chaka cha 1927 bungweli linkanena kuti lili ndi mamembala 100,000, chiwerengero choposa kutalitali cha African National Congress ya masiku amenewo. Kadalie ankayankhula pa misonkhano m'Chingerezi, omasulira n'kumatanthauzira m'Chizulu, m'Chixhosa kapena m'Chisotho, koma makamu a anthu ankakhala maola ambiri akumumvera.

Chaka chomwecho cha 1927 adapita ku Ulaya. Boma lidakana kumutuma ngati nthumwi ya antchito ku msonkhano wa bungwe la International Labour Organisation ku Geneva, koma iye adapita ndithu payekha ndipo nthumwi za maiko ena zidamulandira. Adakhala miyezi pafupifupi isanu akuyendera Britain ndi mizinda ina ya ku Ulaya, kuyankhula pa misonkhano ya mabungwe a antchito ndi kufotokoza za chitupa ndi malipiro a munthu wakuda. ICU idalowa m'chitaganya cha mabungwe a antchito cha International Federation of Trade Unions, chomwe likulu lake linali ku Amsterdam. Ku Britain adapeza abwenzi monga mlembi Winifred Holtby ndi Arthur Creech Jones, yemwe patapita zaka adadzakhala nduna yoona za maiko a atsamunda. Koma atabwerera, mabungwe a antchito achizungu a ku South Africa adakana pempho la ICU loti ilowe m'chitaganya chawo.

Pamene dzina lake linkamveka ku Ulaya, nyumba inali itayamba kung'aluka. M'mwezi wa Disembala chaka cha 1926 ICU idachotsa atsogoleri ake amene anali a chipani cha Komyunisiti, kuphatikizapo James La Guma ndi John Gomas, omwe ankafuna masitalaka ambiri ndiponso ankadandaula za kayendetsedwe ka ndalama. Ndalama zambiri za mamembala zinkathera kwa maloya pa milandu ya anthu othamangitsidwa m'mafamu, ndipo zina zinkasowa m'manja mwa alembi a nthambi. Olemba mbiri ambiri amagwirizana kuti Kadalie anali katswiri pa nsanja koma wofooka pa kusunga mabuku, komanso kuti bungweli lidalonjeza anthu akumidzi zinthu zimene lidalibe njira yozikwaniritsira. M'chaka cha 1928 A.W.G. Champion, mtsogoleri wamphamvu wa ku Durban, ataimitsidwa pa udindo adapatuka ndi nthambi ya Natal, yomwe inali yolemera kuposa zonse. Boma nalo lidazenga Kadalie mlandu wodanitsa mitundu potsata lamulo la chaka cha 1927, ngakhale kuti khoti lidamupeza wosalakwa.

Abwenzi a ku Britain adatumiza William Ballinger wa ku Motherwell, m'dziko la Scotland, kuti adzathandize kukonza zinthu. Iye adafika m'chaka cha 1928, koma awiriwa sadamvane, ndipo kumayambiriro kwa chaka cha 1929 Kadalie adachoka n'kuyambitsa bungwe lake la Independent ICU. M'mwezi wa Januwale chaka cha 1930 adatsogolera sitalaka ya antchito a njanji ndi a padoko ku East London, yomwe idamulowetsa m'ndende. Kuyambira pamenepo mphamvu zake zidatsalira mumzinda umodzi wokhawo.

Mbewu imene adafesa idamera kumpoto kwa mtsinje wa Limpopo, m'dziko lomwe adagwirako ukalaliki. M'chaka cha 1927 Robert Sambo, yemwenso anali wa ku Nyasaland, adayamba kulemba mamembala a ICU ku Bulawayo, ndipo boma la Southern Rhodesia lidamuthamangitsa m'dzikomo. M'mwezi wa Seputembala chaka chomwecho antchito pafupifupi 3,500 a pa mgodi wa Shamva, ambiri mwa iwo ochokera ku Nyasaland, adanyanyala ntchito kwa masiku angapo. Ntchito ya Sambo idapitirizidwa ndi eni dziko monga Masotsha Ndlovu ku Bulawayo ndi Charles Mzingeli, yemwe adatumidwa ku Salisbury, mzinda womwe lero ndi Harare. M'chaka cha 1946 Mzingeli adadzutsanso bungweli ndi dzina lakuti Reformed ICU m'lokeshoni ya Harare, yomwe lero ndi Mbare, ndipo adalimbana ndi lamulo la chaka chimenecho lokhwimitsa za malo ogona ndi zitupa za anthu akuda m'matauni. Mphamvu za Mzingeli zidayamba kuchepa pomwe achinyamata adakhazikitsa City Youth League m'chaka cha 1955. Mmodzi mwa oyambitsa ake, pamodzi ndi James Chikerema ndi George Nyandoro, anali Dunduzu Chisiza wa ku Karonga. Iyenso adathamangitsidwa m'dzikomo m'chaka cha 1956.

Chida chimene chidalephera pa Kadalie m'chaka cha 1920, n'kugwira ntchito pa Sambo ndi Chisiza, sichidathe ndi utsamunda. M'chaka cha 2001 dziko la Zimbabwe lidasintha lamulo la unzika, ndipo anthu ambiri obadwira m'dzikoli kwa makolo ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia adapezeka kuti ziphaso zawo zikuwatchula kuti ndi alendo, osaloledwa kuponya voti. Malamulo aakulu a dziko a chaka cha 2013 ndiwo adabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC. Kwa mabanja a ku Dzivarasekwa amene adadutsa m'zimenezi, mbiri ya Kadalie ndi umboni wakuti makolo awo sadabwere ndi manja ogwira ntchito okha. Ena mwa iwo adali pakati pa anthu oyamba kuphunzitsa antchito a m'chigawo chino kuti angathe kukambirana ndi bwana ali gulu.

Kadalie adakhala zaka zake zomaliza ku East London, akuthandiza anthu a m'lokeshoni pa madandaulo a lendi ndi malipiro. M'chaka cha 1951 adapita kukaona kwawo ku Nyasaland, patatha zaka zoposa 30 chichokereni. Atabwerera ku East London adamwalira pa 28 Novembala chaka chomwecho, ali ndi zaka 55. Buku la mbiri ya moyo wake, My Life and the ICU, lidasindikizidwa ku London m'chaka cha 1970, patatha zaka 19 mwini wake ali m'manda. Mdzukulu wake, Rhoda Kadalie, yemwe adamwalira m'chaka cha 2022, adakhalapo mmodzi mwa makomishonala a bungwe loona za ufulu wachibadwidwe ku South Africa, dziko lomwe lidafuna kuthamangitsa agogo ake.