Inkosi Gomani II: mfumu ya pa K50 yomwe idamwalirira kutali ndi kwawo

Zaka zapitazi kuno ku Kandeu takhala tikugona pa siwa kawirikawiri, kuperekeza agogo athu omwe adatsogolera magulu athu kwa nthawi yaitali. Pa tsiku loika maliro mwambo ndi womwe uja: wina wa kubanja amaimirira n'kuwerenga mbiri ya malemu, chaka chomwe adabadwa, ana angati, zidzukulu zingati, adadwala nthawi yaitali bwanji. Mphindi zisanu zisanakwane mbiri yatha, adzukulu anyamula bokosi. Koma tikamva kuti malemuwo adabadwa mu 1938 kapena mu 1942, tizidziwa kuti tikuika munthu yemwe adaona ndi maso ake zinthu zomwe ana athu amangoziwerenga kusukulu. Amenewa ndiwo adali atsikana ongosinkhuka pamene boma la atsamunda lidachotsa pampando mfumu yaikulu ya Angoni a kuno ku Ntcheu. Poti mboni zikutha, taganiza kuti ulendo uno tikumbutsane za mfumuyo, Inkosi ya Makhosi Philip Zitonga Maseko Gomani II.

Nkhope yawo tonse tidaigwirapo m'manja, kungoti sitiiyang'anitsitsa. Ili pa ndalama ya pepala ya K50 yomwe idatuluka mu 2012, ija ili ndi njovu za ku Kasungu kuseri kwake. Timaipinda n'kuimanga pa nsonga ya chitenje, timabwezeredwa ngati chenje pogula tomato, osadziwa kuti mwini nkhopeyo adali mfumu ya mafumu athu, kuphatikizapo Inkosi Ganya ya dera lathu lino.

Zitonga adabadwa cha m'ma 1893. Makolo ake, Angoni a kwa Maseko, adachokera kummwera kwa Africa, adaoloka Zambezi, adakafika mpaka ku Songea m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, kenaka adabwerera n'kudzakhazikika ku phiri la Domwe. Agogo ake, Inkosi Chikuse, adamwalira mu 1891, chaka chomwecho chomwe Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizana za malire awo. Malirewo adadula dziko la Angoni pakati, ena kukhala a ku Nyasaland, ena a ku Mozambique, Domwe n'kutsalira mbali ya Apwitikizi.

Bambo ake a Zitonga, Inkosi Gomani I, sadakondwe kuona anthu awo akukhoma msonkho kwa azungu ndi kuthawira kukagwira ntchito kwa iwo. Mu October 1896 ankhondo awo adathira nkhondo midzi yoyandikana ndi mishoni ya ku Dombole. Boma lidatumiza asilikali, mfumu idagwidwa, ndipo pa 27 October 1896 idaomberedwa. Akuluakulu amasimba kuti idakana kuyendetsedwa pansi ngati kapolo, mzungu ali pa kavalo. Manda ake ali ku Nkolimbo, komwe Angoni amasonkhana chaka ndi chaka pa mwambo wa Umhlangano. Apo n'kuti Zitonga ali ndi zaka ngati zitatu. Ife amayi tikudziwa bwino chomwe chimachitika mwana wa msinkhu umenewo bambo ake akaphedwa: amatsalira kumsana kwa amayi ndi agogo, ndipo nkhani ya imfa ya bambo ake amaimvera pa moto, madzulo, motsitsa mawu.

Padapita zaka 25 kuti mwanayo akhale pampando wa bambo ake. Adalongedwa ufumu mu 1921, likulu lawo likukhala ku Lizulu. Mu 1933 boma lidakhazikitsa lamulo lopatsa mafumu akuluakulu mphamvu zoweruza milandu m'makhoti awo ndi zoika malamulo m'madera mwawo, ndipo Inkosi Gomani adali m'gulu la mafumu omwe adalandira mphamvuzo.

Apa pali chinthu chomwe ambiri sachitchula. Mwana wa mfumu yomwe idaomberedwa ndi azungu sadakhale moyo wake akunola nthungo. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu Inkosi Gomani adagwira ntchito limodzi ndi boma, ndipo azungu a kuboma ankawatenga ngati mfumu yodalirika komanso yokonda chitukuko. Ankalimbikitsa ukhondo m'midzi ndi kusamala nthaka. Mapiri a Ntcheu mukuwadziwa. Mvula ikagwa yamphamvu nthaka imatsetsereka ndi madzi, ndipo mfumu idaona yokha kuti kulima mizere yotsata kutsetsereka kwa phiri n'kutaya munda.

Tsono nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, makamaka itadutsa njala ya 1949, boma lidaumitsa kwambiri malamulo a ulimi, omwe anthu ankangowatchula kuti malimidwe. Munthu aliyense ankayenera kulima mizere yopingasa, kukumba migula m'munda, kusalima m'mphepete mwa mtsinje, kuzula mapesi a thonje ndi fodya tsiku loikika lisanafike. Wolephera ankatengeredwa ku khoti la mfumu, kulipitsidwa chindapusa, mwinanso kutsekeredwa. Nanga wokumba migulayo adali ndani? Amuna ambiri a zaka zimenezo adali ku Joni ndi ku Halale, ena atapita ndi Wenela, ena pa okha. M'munda mudatsala mayi, khasu m'manja, mwana kumbuyo, nthaka ya mu October itauma gwa. Agogo athu ambiri omwe tawaika posachedwapa adakumbako migula imeneyi ali atsikana, kuthandiza amayi awo kuti asakaonekere ku khoti. Mukawafunsa za Chitaganya ena ankayamba aganiza kaye, koma mukangotchula malimidwe nkhope inkasintha.

Tinene chilungamo: malamulowo mwa iwo okha sadali opusa. Mizere yopingasa yomweyo ndiyo alangizi akutiphunzitsa mpaka lero, ndipo amene adaonapo zigwembe zomwe madzi adakumba m'minda ya m'mapiri sangatsutse. Chidalakwika n'choti chinthu chofunika kuphunzitsa adachisandutsa chikwapu, ndipo chikwapucho adachiika m'manja mwa mafumu.

Nkhani ya Chitaganya idadzapeza anthu ali kale ndi mkwiyo umenewu. Boma la ku London lidafuna kulumikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia, omwe lero ndi Zambia ndi Zimbabwe. Azungu ankati zidzabweretsa chuma. Koma anthu a kuno sankafunika wowauza za ku Southern Rhodesia, poti amuna awo adagwirako ntchito. Adaona chitupa chomwe munthu wakuda ankayenera kuyenda nacho, adaona malo achonde atapatulidwira azungu mwa lamulo la 1930. Mantha adali oti ulamuliro ukapita ku Salisbury, minda yathu idzatsata njira yomweyo. Kumayambiriro kwa 1953 mafumu angapo adapita ku London kukapereka dandaulo kwa Mfumukazi Elizabeth. Inkosi Gomani n'kuti akudwala, thupi litafooka, motero mwana wawo Willard ndiye adapita. Kwa Mfumukazi sadaloledwe kufika. Adangoonana ndi nduna yoona za maiko a atsamunda, Oliver Lyttelton, n'kubwerera chimanjamanja.

Mafumu ndi chipani cha Nyasaland African Congress adagwirizana zoleka kuthandizana ndi boma, koma mopanda chiwawa. Kugwirizana pa msonkhano n'kosavuta. Chovuta n'choti wina ayambe. Mu May 1953 Inkosi Gomani adalamula anthu awo kuti asatsatenso malamulo a ulimi, a nkhalango ndi a ziweto. Taganizani bwino pamenepa. Awa adali malamulo omwe iwo eni adawalimbikitsa kwa zaka zambiri, ndipo makhoti awo ndiwo ankalanga owaphwanya. Adadziwa kuti mfumu ikangochotsapo dzanja, boma silingathe kulondera munda uliwonse. Adadziwanso zomwe boma limachita ndi mfumu yosamvera, popeza manda a bambo awo adali m'boma lawo lomwelo. Adali munthu wa zaka pafupifupi 60, wodwala, woti akadangokhala chete akadamwalira ali pampando ndi ulemu wonse. Boma la bwanamkubwa Geoffrey Colby lidawauza kuti abweze mawu awo. Adakana. Lidawaimitsa pa ufumu, kenaka lidalamula kuti achotsedwe m'boma la Ntcheu.

Pa nthawi imeneyi pambali pawo padali wansembe wa mpingo wathu wa Angilikani, Bambo Michael Scott. Adali Mngerezi, wobadwa mu 1907, ndipo adali atazolowera kale mavuto a mtundu umenewu. Mu 1946 adamangidwa ku Durban chifukwa choima limodzi ndi amwenye omwe ankakana malamulo a tsankho, ndipo mu 1949 adakalankhulira anthu a mtundu wa Herero a ku Namibia ku bungwe la United Nations. Kuno adabwera kudzathandiza mafumu ndi a Congress pa nkhani ya Chitaganya. Azungu ambiri a m'dziko muno ankamuona ngati wosokoneza. Ife tikamawerenga mbiri yake timaona wansembe yemwe adamva kuti nkhalamba yodwala ikukatengedwa ndi apolisi, n'kupita kukakhala nayo.

Apolisi atafika ku Lizulu kudzatenga mfumu, anthu sadalole, ndipo padabuka chipwirikiti. M'chipwirikitimo Inkosi Gomani, Willard ndi Bambo Scott adaolokera ku Mozambique. Amene mudagulako mbatata ya kachewere ndi kabichi pa msika wa Lizulu mukudziwa kuti kuoloka kwake si ulendo: msewu waukulu wa M1 ndiwo malire, tsidya lino Malawi, tsidya ilo Mozambique, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri ndi amodzi. Mfumu idathawira kwa abale ake, kufupi ndi Domwe wa makolo ake. Koma kumeneko olamula adali Apwitikizi, ndipo sadafune kusunga mlendo wotere. Adawagwira n'kuwabwezera m'manja mwa Angerezi. Bambo Scott adathamangitsidwa m'dziko muno mwezi womwewo wa May.

Inkosi Gomani sadaloledwenso kubwerera ku Lizulu. Masiku awo otsiriza adathera pa chipatala cha Malamulo, cha mpingo wa Seventh Day Adventist, ku Thyolo. Amayi omwe mudadwazikapo matenda kutali ndi kwanu mukudziwa kuwawa kwake: palibe wobwera ndi phala m'mawa, palibe mnansi wodzakhala pa mkeka kukucheza. Iyi idali mfumu yomwe pakhomo pake sipankatha anthu. Ili chigonere kumeneko, Chitaganya chomwe idachikana chidayamba mu 1953 momwemo. Mu August zipolowe zidabuka ku Thyolo komweko n'kufalikira m'maboma ena a kummwera, ndipo anthu 11 adaphedwa. Posakhalitsa a Congress adaimitsa ndondomeko yokana kumvera boma ija. Kunena mwa umunthu, Inkosi Gomani adatseka maso akuona ngati zonse zapita pachabe. Adamwalira pa 12 May 1954, patangotha pafupifupi chaka chichotsedwereni kwawo.

Ku Lizulu adabwerera ali m'bokosi. Anthu zikwizikwi adafika pa maliro awo, ochokera m'boma lonse la Ntcheu ndi kutali komwe, pamodzi ndi atsogoleri a Congress. Boma lidatha kuwachotsa pampando, koma silikadatha kuletsa anthu kukhuza maliro a mfumu yawo.

Chitaganya chidakhala zaka khumi zokha. Chidatha pa 31 December 1963, ndipo pa 6 July 1964 dziko lino lidalandira ufulu. Willard, yemwe atsamunda sankafuna kumva za iye, adadzakhala Inkosi Gomani III mpaka pomwe adamwalira mu 2006. Ufumuwo ukadalipo ku Lizulu. Inkosi Gomani V adalongedwa mu 2012, chaka chomwe nkhope ya Gomani II idaikidwa pa ndalama. Bambo Scott adamwalira ku London mu 1983.

M'mabuku nkhani imeneyi ili ndi maina a amuna okhaokha: mfumu, mwana wake, wansembe, bwanamkubwa. Koma lamulo la mfumu la mu May 1953 likadakhala mawu chabe pakadapanda anthu oti alimvere m'minda mwawo, ndipo m'mindamo ambiri adali amayi. Pa maliro a ku Lizulu padali ophika, otunga madzi, ogona pa siwa, monga momwe timachitira ife lero. Mtsikana yemwe adali ndi zaka 12 pa nthawiyo adabadwa mu 1942, ndiye kuti ngati akadali moyo wapitirira zaka 80. Alipo ochepa m'midzi yathu, ena sathanso kufika kutchalitchi, ndipo ndi omwewo timawayendera titanyamula kaufa, sopo ndi shuga. Ulendo wotsatira tisathamangire kutsazika tikangotha pemphero. Titulutse K50 ija, tiwaonetse nkhopeyo, tiwafunse komwe adali chaka chomwe mfumu idatengedwa, ndi yemwe ankakumba migula m'munda mwa amayi awo. Mlembi wa gulu atengeko kope ndi cholembera.