Antonio Vivaldi, wansembe amene ankaphunzitsa ana otayidwa vayolini

Mwezi uno pa tsamba la mbiri tili ku Venice, ku Italy, mzinda umene misewu yake yambiri ndi ngalande za madzi. Kumeneko n'kumene Antonio Vivaldi anabadwira pa 4 Malichi 1678. Dziko limamudziwa chifukwa cha The Four Seasons, nyimbo zinayi za nyengo za pachaka zimene zinasindikizidwa mu 1725, koma ntchito imene anaigwira zaka zambiri inali yauphunzitsi basi.

Bambo ake, Giovanni Battista, anali wometa tsitsi amene pambuyo pake analembedwa ntchito yoimba vayolini m'tchalitchi chachikulu cha San Marco. Choncho mwana anakula chidacho chikulira m'nyumba. Mu 1703 Antonio anadzozedwa unsembe, ndipo poti anali ndi tsitsi lofiira, anthu anangomutcha wansembe wofiira. Koma Misa sanachite nthawi yaitali. Iye ankati chifuwa chinkamubanika, ndipo ambiri lero amaganiza kuti inali mphumu.

Chaka chomwecho anayamba kuphunzitsa vayolini pa Ospedale della Pietà, nyumba yolera ana amasiye ndi otayidwa. Pakhoma pake panali kabowo pamene mayi wosowa pogwira ankasiyapo khanda n'kuchoka osaonedwa. Anyamata akakula ankapita kukaphunzira ntchito zamanja, pomwe atsikana amene aonetsa luso ankaphunzitsidwa nyimbo. Ambiri mwa atsikanawa analibe dzina la bambo, ndiye ankangotchulidwa ndi chida chimene amaimba: uyu ndi Anna Maria wa vayolini, uyo ndi uje wa chida chakuti. Tangoganizani, chida n'kusanduka mfunda wako!

Vivaldi ankalandira ma ducat 60 pachaka. Mu 1704 anamuwonjezera ntchito yophunzitsa viola all'inglese, chida cha nsambo zambiri chosiyana ndi viyola ya masiku ano. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti sankangouza ana kuti bwerezani zimene ena analemba kale. Ankapeka nyimbo zoti atsikana akewo aimbe, ndipo zambiri mwa nyimbo zake pafupifupi 500 za mtundu wa concerto zinayamba kumveka m'manja mwawo. Anna Maria yekha anamulembera zoposa 20, zina zovuta kwabasi. Munthu sulembera mwana nyimbo yotere ngati ukumuona ngati wongomvetsa chisoni.

Komanso pamalopo maphunziro sankathera kwa mphunzitsi mmodzi. Atsikana akuluakulu ankaphunzitsa ang'onoang'ono, ndipo odziwa kwambiri ankaloledwa kuphunzitsa ana a mabanja olemera molipiritsa. Eya, mwana wotoledwa pakhoma kumaphunzitsa mwana wa bwana kagwiridwe ka uta. Alendo ochokera m'maiko a ku Ulaya ankadzadza tchalitchi chawo kudzamvera, ngakhale kuti oimbawo ankakhala pamwamba, kuseri kwa zitsulo zolukana, nkhope osaoneka bwino.

Musaganize kuti akuluakulu a nyumbayo ankamunyamula m'manja. Chaka chilichonse ankavota ngati apitirize ntchito kapena ayi, ndipo mu 1709 mavoti 7 anamukana, 6 anamufuna. Ntchito inathera pompo. Anamuitananso mu 1711, kenako mu 1716 anamukweza kukhala woyang'anira zoimbaimba zonse za zida. Atayamba kuyendayenda ndi zisudzo zake zoimba, anagwirizana nawo mu 1723 zoti aziwapatsa nyimbo ziwiri mwezi uliwonse, olo akhale kutali.

Mapeto ake ndi osautsa. Anthu a ku Venice anatopa ndi kaimbidwe kake n'kuyamba kukonda zatsopano. Mu 1740 anapita ku Vienna, kumene kunali Mfumu Charles VI imene inkamukonda, koma mfumuyo inamwalira mu Okutobala chaka chomwecho. Vivaldi anatsala wopanda womuthandiza, ndipo anamwalira ali mmphawi mu Julayi 1741, ali ndi zaka 63. Nyimbo zake zinaiwalika mpaka mu 1926, pamene mulu wa mapepala ake unapezeka pasukulu ina ya ansembe kumpoto kwa Italy.

Anna Maria uja sanachoke pa Pietà. Anakhala mphunzitsi wamkulu wa vayolini pomwepo, naphunzitsa atsikana ena ambiri, mpaka anamwalira mu 1782.