Mbiri ya Léon Teisserenc de Bort, Katswiri wa Zanyengo

A Léon Teisserenc de Bort anabadwira mumzinda wa Paris m'dziko la France pa 5 November 1855. M'caka ca 1896 iwo anasiya nchito ya boma yoona zanyengo nakhazikitsa malo awoawo ofufuzira ku Trappes.

Panthawiyo akatswiri anali kukhulupirira kuti kumwamba kumazizirabe mopitirira pamene munthu akukwera. A Teisserenc de Bort anaulutsa mabaluni oposa 200 onyamula zipangizo zopimira kutentha, ambiri mwa iwo usiku kuti dzuwa lisasokoneze zipangizozo. Anapeza kuti pamtunda wa makilomita pafupifupi 11, kuzizira kumaleka kuwonjezeka. Analengeza zimenezi mu 1902, caka comwe a Richard Assmann a ku Germany anapezanso zofananazo.

Gawo la mlengalengali analicha stratosphere, poganiza kuti mpweya wake umangosanjikizana popanda kusakanikirana. Lero zadziwika kuti mafunde a mpweya oyambitsidwa ndi mapiri ndiponso mvula yamabingu amakwera kufika kumeneko, ndipo akasweka amasakaniza mpweyawo. Cifukwa ca ici, olosera zanyengo amawawerengera mafundewa.

Iwo anamwalira ku Cannes pa 2 January 1913 ali ndi zaka 57.