NU'AYMAN BIN AMR (R.A): SWAHABA AMENE ANKASEKETSA MTUMIKI

Tikamaphunzitsa ana ku madrasa za Maswahaba timakonda kutchula kulimba mtima kwawo ndi misozi yawo pa swala, mpaka ana ena amaganiza kuti ku Madina kunalibe kuseka. Tiyeni tikumbuke munthu mmodzi amene nthabwala zake zinatuluka m'chipululu cha Arabia n'kutipeza kuno patapita zaka 1,400.

Nu'ayman bin Amr anali wa ku Madina, wa banja la Banu Najjar mu fuko la Khazraj. Sanali munthu wamba ayi. Anali m'gulu la anthu amene analonjeza kuteteza Mtumiki Muhammad (S.A.W) pa Aqaba mu 622. Anamenya nawo nkhondo ya Badr mu 624, pamene Asilamu anali ongopitirira pang'ono 300, ya Uhud mu 625 ndi ya Khandaq mu 627. Koma chimene anatchuka nacho ndi chibwana.

Amalonda akafika mu Madina ndi zakudya zachilendo, iye ankatenga pangongole n'kukapereka kwa Mtumiki monga mphatso. Mwini katundu akabwera kudzalonjerera, ankamugwira dzanja n'kupita naye kwa Mtumiki kuti ndiye alipire. Atafunsidwa ngati sinali mphatso, anayankha kuti ndalama analibe, koma anafunitsitsa kuti Mtumiki alaweko. Mtumiki anaseka nalipira.

Tsiku lina Mbedui, munthu wa kuchipululu, anasiya ngamila yake panja n'kulowa kukaonana ndi Mtumiki. Kwa Mbedui ngamila ndi chuma chonse: ulendo, mkaka, ngakhale ulemu. Anzake a Nu'ayman, nkhuli itawavuta, anamunyengerera kuti aiphe poti Mtumiki alipira. Iye osachedwa, mpeni pakhosi. Mwini wake potuluka anakuwa kwambiri, ndipo Nu'ayman anathawira ku nyumba ya Duba'a bint Zubayr, nabisala m'dzenje atadzifunditsa makhwatha a kanjedza. Mtumiki atafika, munthu wina anakweza mawu kunena kuti sanamuone, uku chala chikuloza padzenjepo. Atamutulutsa ali mbuu ndi fumbi, Nu'ayman anati amene amuululawo ndi omwewo amene anamutuma. Mtumiki anamupukuta kumaso akuseka, nalipira ngamila ija.

Nkhani yotchuka kuposa zonse inachitika kutatsala chaka kuti Mtumiki amwalire mu 632. Abu Bakr (R.A) anapita kukachita malonda ku Busra, m'dziko la Syria, pamodzi ndi Nu'ayman ndi Suwaybit bin Harmala, nayenso wa nkhondo ya Badr. Suwaybit ndiye ankasunga kamba wa paulendo, ndipo anakana kupatsa mnzakeyo chakudya mpaka Abu Bakr atabwera. Nu'ayman anapita kwa anthu ena amene anali ndi ngamila nawauza kuti akugulitsa kapolo, koma kapolo wake ngochenjera pakamwa, azinena kuti ndi mfulu, asamumvere. Anagwirizana ngamila 10. Suwaybit akamalumbira kuti ndi mfulu, ogulawo ankangoti adauzidwa kale, n'kumukoka ndi chingwe m'khosi. Abu Bakr ndiye anathamanga kukabweza ngamila n'kumuombola. Akuti Mtumiki ndi Maswahaba anaiseka nkhaniyi chaka chathunthu. M'mabuku ena a hadisi maina asinthana, wogulitsidwa ndi Nu'ayman. Ife sitingalimbikitse mwana wathu nthabwala yotere, chifukwa muli bodza, komanso mawu akuti kapolo kuno kwathu ali ndi mabala ake. Komabe taonani kuti nthawi zonse panapezeka wina wamkulu wobweza chimene chatayika, ndipo kuseka kunkabwera pambuyo pake.

Pali mbali ina imene sitiyenera kuibisa. Nu'ayman anali ndi vuto la mowa, ngakhale mowa utaletsedwa. Anabwera naye kwa Mtumiki ataledzera, nakwapulidwa ndi nsapato ndi nthambi za kanjedza, ndipo sikanali kamodzi. Munthu wina atatopa naye anamutemberera. Mtumiki anamuletsa wotembererayo, nachitira umboni kuti munthuyu amakonda Allah ndi Mtumiki Wake. Apa mpofunika kuima kaye. Chilango anachilandira, mowa sunasanduke halali, koma sanathamangitsidwe pa mzikiti, ndipo dzina lake silinafafanizidwe pakati pa anthu a Badr. Ndi makomo angati mwa ife amene ali ndi mwana kapena mlongo wotere, amene pa Idi saitanidwa ku mpunga chifukwa achibale akuchita naye manyazi?

Ukalamba sunamusinthe. M'nthawi ya Khalifa Uthman bin Affan (R.A), amene analamulira kuyambira 644 mpaka 656, kunali nkhalamba yosaona, Makhrama bin Nawfal. Inapempha woiperekeza kukataya madzi, ndipo Nu'ayman anaikhazika pangodya ya mzikiti momwemo. Anthu atakuwa, gogoyo analumbira kuti adzamuswa ndi ndodo. Patapita masiku, Nu'ayman anabwera osadzitchula, nafunsa gogoyo ngati akumufunabe mdani wake uja. Anamutsogolera kwa Uthman amene anali pa swala, namuuza kuti ndi ameneyu. Ndodo inagwa pamutu pa Khalifa mpaka magazi. Iyi ndiye ife siitiseketsa kwenikweni, kusewera ndi wakhungu. A Banu Zuhra, abale a Makhrama, anasonkhana mokwiya, koma Uthman, bala lili pamutu, anawauza kuti amuleke chifukwa anali nawo pa Badr.

Nu'ayman anamwalira m'nthawi ya ulamuliro wa Mu'awiya, pakati pa 661 ndi 680. Allah asangalale naye.