MBIRI YA ABUSA HARRY KAMBWIRI MATECHETA

Abale athu a ku Nkando ndi a m'midzi yonse ya pansi pa phiri la Mlanje, mwezi wa Krisimasi wafika. Mvula yagwa, makasu ali m'minda, ndi mitengo ya mango yalema nazo zipatso zace. M'nyengo yino timakumbukira Yohane Mbatizi, amene anatsogola kukonzera Ambuye njira, nauza anthu kuti kulapa koona kumadziwika ndi zipatso. Kuti mau awa asakhale ngati a dziko lakutali, tifuna kukusimbirani za munthu wa kwathu kuno, amene anadya nsima monga ife, nayenda m'njira zomwe tiyendamo ife.

Harry Kambwiri Matecheta anabadwa ca m'ma 1870 ku Nguludi, mwa mtundu wa Ayao. Masiku amenewo dziko silinagone tulo. Malonda a akapolo anali cikhalire, ndipo m'caka ca 1884 nkhondo ya Angoni a Cikuse inaoloka Shire, nitentha midzi, nigwira anthu, kotero kuti ambiri anathawira kumapiri. Mnyamatayo anakula akudziwa kuti Mngoni ndiye mdani.

Analowa sukulu pa Misyoni ya Blantyre, imene Eklesia wa ku Scotland anaiyamba m'caka ca 1876, naphunzira kuwerenga Mau a Mulungu. M'mwezi wa December 1889 anabatizidwa. Ambiri a ife tinabatizidwanso, tinayankha mafunso onse a m'kalasi, tinalandira ndi dzina latsopano. Koma ubatizo uli ngati kubzala: mwini munda sayamba kuyamika tsiku lobzala, ayembekeza kufikira masika. Tiyeni tione cimene cinamera.

M'caka ca 1893 Misyoni inafuna kuyamba nchito ku Panthumbi, m'dziko la Angoni la ku Ntcheu, ndipo Matecheta anabvomera kupitako. Taganizani, abale. Myao, amene abale ace anathawa nthungo za Angoni zaka 9 zokha zapitazo, ananyamuka kukakhala pakati pao, kumwa madzi a pa citsime cao, ndi kuphunzitsa ana ao. Sanapite ndi mfuti, kapena ndi mlandu wakuti amlipe. Anapita ndi buku. M'caka ca 1896 nkhondo inabuka pakati pa Angoni ndi Boma la Angerezi, ndi mfumu Gomani inaphedwa; koma nchito ya Mau siinazime, ndipo anagwira nchito m'dzikomo zaka zambiri. Ici ndico cipatso coyamba: mtima wotembenuka uleka kuwerenga adani ace.

Cipatso caciwiri ndico kudzicepetsa. David Clement Scott, mkuru wa Misyoni ya Blantyre, anakhulupira kuti Eklesia wa m'dziko muno ayenera kutsogozedwa ndi eni dziko, nasankha anyamata 7 akhale atumiki. Mmodzi wa iwo ndiye Matecheta. Koma Azungu ena sanakondwere nao maganizo awa, ndipo khomo la ubusa linakhala cotsekera zaka zambiri. Wina akadapsa mtima, nacoka, nakayamba zace. Iye anakhala, naphunzitsa, nalalikira, nalowanso m'kalasi ngati mwana wa sukulu pa mapazi a Alexander Hetherwick, ali munthu wamkuru ndithu. Pa 9 March 1911 anadzozedwa ubusa pamodzi ndi Stephen Kundecha. Ndiwo abusa oyamba a ciAfrika a Eklesia wa Blantyre. Kuyambira pa ubatizo kufikira tsiku limenelo panapita zaka 21.

Atadzozedwa, Abusa Matecheta anaweta nkhosa za Ambuye. 

Tisayese kuti kudzicepetsa ndiko mantha, kapena kubvomera ziri zonse. Abusa anadziwana bwino ndi John Chilembwe wa ku Mbombwe, nadziwanso zowawa za thangata ndi cipongwe cimene anthu anacitidwa m'minda ya Azungu. Pamene nkhondo ya Chilembwe inauka mu January 1915, iwo sanalowemo. Koma pamene Boma linaika akuru ofunsa ciyambi ca nkhondoyo, anaima pamaso pao, nanena poyera zinthu zimene zinawawitsa mitima ya anthu. Munthu wogwada pamaso pa Mulungu akhoza kuima ciriri pamaso pa anthu.

Anaona Blantyre ndi Livingstonia alikugwirizana kukhala Eklesia mmodzi m'caka ca 1924, ndi Nkhoma alikulowamo m'caka ca 1926. M'caka ca 1933 anasankhidwa akhale Mtsogoleri wa Presbiterio wa Blantyre. Mu ukalamba wao analemba buku la nkhani za ciyambi ca Misyoni ya Blantyre, limene linasindikizidwa m'caka ca 1951, kuti ana asaiwale kumene anacokera. Anamwalira m'caka ca 1962, atapitirira zaka 90.

Tsono ife titani? Posacedwa tidzapita ku msika wa Nkando kukagula mpunga, nsaru ndi nyama ya tsiku lalikuru. Tidzazira nyumba, ndi kusesa pabwalo. Izi siziri zoipa. Koma Mwana wobadwa m'khola sadzayang'ana maraya athu. Alipo pakati pathu abale a mimba imodzi amene salankhulana cifukwa ca malire a munda. Alipo amene anakongola cimanga ca mnzace pa nthawi ya njala, nakhala cete kufikira lero. Alipo ogulitsa ndi muyeso wonyenga, ndi amene anachula nkhalamba ya m'mudzi mfiti, ndi amene adzamwera kacasu ndalama za mbeu, ana ali ndi njala. Kulira m'calici kokha sikudzacotsa zimenezi. Wokongola abweze, wonamizira apite yekha kukapepesa, osatuma nkhoswe, wakukhala nazo nsaru ziwiri akumbukire mai wamasiye.

Abusa Matecheta anayenda ulendo wa masiku kunka kwa adani a mtundu wao. Mdani wathu ali kuseri kwa nkhokwe, kapena tsidya lija la Thucila. Tisadikire kuti ayambe ndiye. Tipite ife, tsiku la Kubadwa lisanafike. Pamenepo tidzayimba nyimbo za Krisimasi ndi mtima woyera, ndipo Mwini munda, pakudza kudzafuna zipatso pa mtengo wace, sadzapeza masamba okha. Mulungu atithandize ife tonse.